Malo Otsala M'mphepete mwa Mtsinje

Kabuku ka amalume kanali kachikasu, kongotola pomwetsera mafuta, ndipo pachikuto panali mkombero wa kapu ya khofi. M'katimo munali mayina a malo a ku Indiana komwe munthu angaimike RV n'kugona. RV ndi chigalimoto chija chokhala ndi bedi, khichini ndi chimbudzi m'kati mwake. Amalume anabwereka chigalimoto chotere kwa mnzawo wakuntchito, chakalekale, chonunkha galu wonyowa.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndi amayi tinkakhala ku South Bend, komwe amayiwo ankasamalira okalamba. Abambo anali atasamukira ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis. Ine anandiuza kuti n'zantchito. Sizinali zantchito ayi. Banja linali kutha, ndipo amalume, pokhala nkhoswe, analumbira kuti silitha iwo ali moyo.

Nzeru yawo inali yotere: nkhani ya banja sakambira pafoni, sakambiranso m'nyumba mwa mmodzi, poti mwini nyumba amakula mawu. Ndiye anasankha pakatikati, katauni kena m'mphepete mwa mtsinje wa Wabash. Ife titsogole, tikapeze malo, kenako iwo aimbire abambo kuti anyamuke ndi nkhoswe yawo. Tikagone konko masiku awiri, kudyera pamodzi, mpaka zitheke.

Amayi sanakane. Munthu amene anakuitanitsa ku America, mlongo wako wamkulu, ungamukanire bwanji? Anangokazinga nkhuku, kuphika mpunga, n'kulongedza.

Chimene amalume sanachite n'kubukitsa, kuimbiratu foni kuti atisungire malo. "Mlendo sasowa pogona," ankatero. Kumudzi n'zoona. Koma uwu unali mwezi wa Julaye, ndipo kuno anthu amabukitsa malo otere chisanu chisanathe n'komwe.

Tinayenda pakati pa minda ya chimanga, chimanga chokhachokha, ntchafu zikumata pampando ndi thukuta. Katauniko kanali ndi msewu umodzi waukulu, mlatho wachitsulo, ndi kasitolo kogulitsa nyambo za mbedza. Madzi a mtsinjewo anali ngati tiyi wamkaka.

Pamalo oyamba panali chikwangwani chonena kuti kwadzaza. Amalume anatsikabe, kuvula chipewa, n'kuyamba moni wautali kwa bambo wapageti, mpaka kumufunsa za kunyumba. Bamboyo anangoloza chikwangwani ndi chibwano. Pamalo achiwiri anati tibwere mu Seputembala, ndipo pobwerera m'mbuyo amalume anagunda bini, zinyalala mbwee. Anatola okha, anthu akuonerera ali m'mipando yawo.

Malo achitatu anali kumtunda kwa mtsinje, kotsirizira kwa msewu wafumbi. Amalume sanazimitse injini.

"Achemwali, kayeseni inu. Mwina nkhope yangayi ndiyo ikutitsekera."

Amayi anandigwira dzanja, tinalowa. Kaofesi kake kankanunkha mankhwala a udzudzu. Mayi wina wa imvi, magalasi ali pamphuno, anayang'ana m'buku lake n'kuseka. Anati tili ndi mwayi: banja lina langoimba kumene kuti silibwera. Malo ake pafupi ndi madzi penipeni, amthunzi, magetsi alipo. Anakankhira fomu ndi cholembera kwa amayi.

Amayi anatenga cholemberacho. Ndikukumbukira fani ikutembenuka, ikutukula ngodya ya pepala, kuisiya, kuitukulanso. Kenako anachiika pansi bwinobwino, anathokoza, n'kundigulira ayisikilimu yakamtengo.

"Zayenda bwanji?" anafunsa amalume pawindo.

"Nakonso kwadzaza, achimwene."

Ine ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, m'Chingerezi monga mwa chizolowezi changa. Dzanja la amayi linafika pakhosi panga kumbuyoku. Silinafinye. Linangokhalapo.

"Idya, ikusungunuka."

Ndinadya.

Amalume anaimbira abambo kuti asanyamuke, tidzayesanso. Nkhuku tinadyera patebulo lina pafupi ndi mlatho, ntchentche zikutithandiza. Sabata yotsatira chigalimoto chinabwerera kwa mwini wake, mashifiti a anthu sanagwirizanenso, sukulu inatsegulidwa, masamba anayoyoka. Kudzayesanso kuja sikunabwere. Amalume mpaka lero amati banja la mlongo wawo linatha chifukwa cha kusabukitsa kwawo, ndipo ine sindinawakonze. Kaya ndinalakwa, kaya sindinalakwe. Amayi sanandiuzepo chimene ankathawa, nanenso ndinakula osafunsa.

Tsikulo ine ndinkangodandaula kuti sindinasambe mumtsinje. Ndinakhala kutsogolo ndi amalume, nditatupa. Nditacheukira kumbuyo, ndinaona amayi ali pabedi paja, nsapato atavula, kukamwa kuli yasa. Munthu amene kunyumba ankadzuka ndi kulira kwa fuliji komwe. Chigalimoto chinkagwedera m'maenje, mapoto akugundana m'makabati, iwo osatembenuka n'komwe. Ndinadabwa kuti munthu angagone bwanji chonchi, atangotaya kumene malo abwino ngati aja.