Nandolo wa pachulu

Ine ndine woimba, abale. Sukulu ndinalekera polemba dzina, koma nyimbo ndiye zinandikwana. Polima ndimaimba, potsika ndi nkhuni kuphiri la Michesi ndimaimba, ndipo kutchalitchi kwathu kuno ku Chiringa woyambitsa nyimbo ya chopereka ndine, ine ndemwe.

Koma chaka chija napolo anatsika m'phiri ndi miyala yonga nyumba. Anatenga munda, anatenga mbuzi, anatenganso mwana wanga wamkazi. Thupi sitinalione, mayo ine, ngakhale mpango wake. Anandisiyira mdzukulu, kamtsikana koti mano akutsogolo anali atangomera.

Tinkadya kalongonda, nyemba zija zowiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuwiritsanso, kuti zisaledzeretse. Ndikaika mbale pamkeka ndinkati, "Tseka maso, tithokoze." Iye maso tong'o.

"Anganga, tithokoze chiyani?"

"Kalongondayu."

"Amene anatenga amayi ndi yemweyo watipatsa kalongonda?"

Ndinayamba nyimbo, poti ine mawu akandithera ndimathawira m'nyimbo. Iye anangodya, osavomera. Ndinaopa, abale, ndinaopa kuti madzi anandilanda mmodzi tsiku limodzi, ndipo wachiwiriyu akundilanda pang'onopang'ono ali pamkeka panga pomwe.

Munda unasanduka mchenga wokhawokha, mbee. Koma kumtunda, pachulu, panatsala mitengo ingapo ya nandolo yomwe anadzala mayi ake a mdzukulu wangayo. Inachita maluwa, inabereka. Mwanayo ankapita yekha kukaingitsa mbuzi za eni. Nandolo atauma anathyola, anamenya ndi kamtengo, anapeta. Anakwana kambale kamodzi. Kuphika anakaniza.

Chaka chimenecho mpingo unachedwetsa masika, poti panalibe amene anakolola chimanga. Masika ndi tsiku lija aliyense amanyamula zakumunda kupita nazo kuguwa, mapemphero akatha n'kuzigulitsa kuti zithandize mpingo. Ogula ambiri amakhala aphunzitsi obwera, poti ndiwo amakhala ndi ndalama.

Litafika ndinati, "Tinyamule nandolo uja."

"Kuti akagule aphunzitsi obwera aja, akadyere mpunga? Ndi wa amayi ameneyu."

"Ndi Mulungu anamusunga pachulu paja, mwanawe."

"Akanasunga amayi, nandoloyo n'kutenga."

Sindinakakamize. Ndinamanga mpango, ndinanyamuka manja lende. Iye ankabwera m'mbuyo, atakumbatira kanthu m'malaya.

Zaka zina guwa lathu limabisika ndi matumba, nzimbe, nkhuku zomanga miyendo. Tsiku limenelo panali kadengu ka chinangwa, mtolo wa nkhuni, timazira m'chipewa. Bambo wina wokalamba anaika khasu lopanda mpini lomwe analifukula mumchenga. Ndinayambitsa nyimbo, amayi anavomera, ndipo ndinavina, ndinavina mpaka kutsogolo, poti miyendo ndiyo ndinatsala nayo yopereka.

Potembenuka ndinamuona mdzukulu wanga akubwera pakati pa mipando. Sankaimba, sankavina. Anatulutsa kambale kaja, anatapa nandolo dzanja limodzi, nathira m'lichero la kuguwa. Anaima pang'ono akumuyang'ana. Wotsalayo anam'manga pansonga ya chitenje changa, mfundo yolimba yoti mano okha ndiwo angamasule.

Panjira ndinalephera kudzigwira. "Wathokoza, mwana wa mwana wanga, wathokoza!" Nthungululu inali itafika kale pakhosi.

"Musakuwe, anganga, anthu akutiona. Sindinathokoze zonse. Ndathokoza chulu chokha."

"Chulucho chakwana lero."

"Wotsalayu ndi mbewu. Mukaphika ndikuthawani."

"Mfundoyi ndiimasule ndi mano ati, iwe?"

Anafuna kuseka, koma anameza.

Titafika kunyumba ndinatenthetsa kalongonda wadzulo, ndinayala mkeka. Ndisananene kanthu, anatseka maso yekha. Ndinadikira mawu, mawu osabwera. Misozi ndiyo inatuluka pansi pa zikope, kutsika mpaka pachibwano. Aka kanali koyamba kuwalira mayi ake ine ndikuona.

Nyimbo inabwera pakamwa panga, ndinaibweza. Ndinapemphera mwachidule, ndinatchula chulu, ndinatchula mayi ake. Ameni ndinanena ndekha, koma dzanja lake linali litagwira mfundo ija pachitenje changa.