Dzina Lake Anali Gudigelo

Gaga wonyowa wothira molasesi, manyuchi a nzimbe aja! Ndikangomva fungo limenelo, ine gogo ndi mawondo angawa ndimabwerera ku Kafue, ndimabwerera chothamanga, wopanda nsapato. Fungo lotsekemera, lowawasa pang'ono, losakanikira ndi thukuta la hachi ndi sopo wopukutira chishalo. Ndinali ndi zaka khumi. Chinali chilimwe cha chaka chija mvula inatikana, chaka cha nshima yachikasu, pamene fakitale inayamba kubweza anthu kunyumba ndi makalata m'manja.

Atate anachoka ku Katete kudzafuna ntchito ya njanji, koma anakathera ku khola la mahachi kuseri kwa nyumba za ku Estates. Linali khola la kilabu ya mabwana a kufakitale. Kale Loweruka kunkadzaza magalimoto a ku Lusaka ndi a ku Mazabuka, anthu a zipewa zolimba akulumphitsa mahachi pa mitengo yopaka utoto. Koma chaka chimenecho mabwana ankapita mmodzimmodzi, mahachi nawo mmodzimmodzi, mpaka inatsala imodzi yokha, ya Madamu, mkazi wa injiniya.

Inali yaikazi, yofiirira ngati uchi, ya kadontho koyera pamphumi. Madamu akamaisisita pakhosi ankangoti "gudigelo, gudigelo," ndiye ine ndinati eya, dzina lake ndi limenelo. Ndinawauza atate. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma sananditsutse, ndipo iwonso anayamba kuitchula choncho.

Ha, mmene ndinkamukondera Gudigelo! Sukulu ndinkaithawa chifukwa cha iye, ndiye onani lero ndimalemba ngati nkhuku yapalasa. Atate anandiphunzitsa kukolowola timiyala m'ziboda ndi kachitsulo kokhota, kuzula nkhupakupa kunsi kwa mchira, kusaima kumbuyo kwake, kusamupatsa madzi thukuta lisanaphwe. Dzuwa lisanalowe tinkamutsekera m'khola ndi kufukiza masamba a bulugama, poti tizilombo touluka tochokera kumtsinje timabweretsa matenda opha mahachi. Ine pogwira zonsezi ndinkaimba kanyimbo kanga kopeka ndekha: Gudigelo, Gudigelo, nyamula mwendo, nikuchose mwala. Iye n'kunyamuladi mwendo, milomo yake yofewa ili fwenkhefwenkhe m'tsitsi langa.

Amai ankandilandira pakhomo atagwira mphuno. "Hachi isamba na sopo, iwe mbuu monga mbatata yofukula! Uzakwatiwa ku khola, iwe Tisa."

Tsiku lina Madamu anabwera maso ali ofiira. Ndeke yawo yobwerera kwawo inali ya Lolemba. Anawauza atate kuti hachi aitenge, ikhale yawo, yaulere. Ine mtima unavina! Ndinaiona kale itamangidwa pa mtengo wa mango kwathu, ana onse a mu laini yathu akundipempha kukwera. Koma atate anavula chipewa, n'kuthokoza, n'kukana. Masiku amenewo gaga tinkamusefa ifeyo n'kuphikira phala. Udzu unali utapsa mpaka ku Chanyanya. Ine sindinaone zimenezo, ndinangoona atate akutaya hachi yanga, ndipo masiku atatu sindinawayankhule.

Anthu a kilabu anauzana, mpaka anapezeka mlimi wachizungu wa ku Mazabuka amene anali ndi msipu wothirira. Anabwera Loweruka m'mawa ndi lole, dzuwa likuswa kale mutu. Anatsitsa thabwa lokwerera, n'kugwira chingwe, n'kuyamba kuitana dzina la pa pepala: "Dachesi, Dachesi!" Gudigelo anangopinda makutu. Anamukoka, iye nji! Anamukankha amuna anayi, iye n'kuimika miyendo yakutsogolo m'mwamba, maso oyera, thovu kukamwa. Ine ndili pa mpanda, ndikuseka chamumtima. Kana, mwana wa amai, kana, ukhale wathu!

Dzuwa litafika pamutu mlimi uja anayang'ana wochi, n'kunena kuti hachi yovuta saifuna. Pamenepo atate anabwera pa mpanda. Sanakalipe. Anagwada kuti maso athu alingane, manja awo atasupuka ndi chingwe.

"Tamvera, mwana wanga. Lole ikapita yopanda kanthu, mawa kubwera dokotala wa nyama na mfuti. Madamu sangamusiye afe na njala."

"Batate, tizamupasa phala yanga."

"Phala yako angamalize na lilime imodzi. Muimbire."

Ndinatsika pa mpanda. Ndinatenga chingwe m'manja mwa mzungu uja, ndinaika chipumi changa pa kadontho koyera, n'kuyamba. Ndinaimba kanyimbo kanga kaja. Gudigelo, Gudigelo, nyamula mwendo. Ananyamula. Ndinabwerera chafutambuyo pa thabwa, iye akunditsata, gu, gu, gu, mpaka m'kati mwa lole. Ndinatulukira pa kachitseko ka m'mbali, ndipo anatseka.

Lole inanyamuka, fumbi kobo, mchira wofiirira ukuoneka pa mpata wa matabwa mpaka pokhotera msewu waukulu. Atate anaima pambali panga. Dzanja lawo linatera pamutu panga, ndipo ndinawamva akunena motsitsa, "Gudigelo." Ine ndinachotsa mutu mwaukali. Ndinati mumtima, mukumuitaniranji tsopano, poti mwamukana ndinu?

Khola analitseka mwezi womwewo. Atate anayamba kupalasa njinga kukapikula nsomba ku Chanyanya, ndipo za mahachi sanazitchulenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ine ndinakula, ndinakwatiwa, osati ku khola ayi, amai analakwitsa pamenepo! Ndinabala, ana anga anabala, ndipo ndikuimbabe.

Chaka chatha mdzukulu wanga Chikondi anabwera ku sukulu akudumpha, buku lili m'mwamba, aphunzitsi atamulembera mawu ofiira. Anandiwerengera, ine n'kudzidzimuka, poti linali dzina la hachi yanga. Ndinamufunsa tanthauzo. "Agogo, simudziwa? Ni kuti mtsikana wabwino!" Ndinaseka, ndinaseka, mpaka mwana anadabwa kuona chitenje changa chanyowa. Atate Chizungu cha ku khola ankachimva bwinobwino. Tsiku lija, pomwe ankanena mawu aja, lole inali itakhota kale. Pa mpanda panali ine ndekha, ndi dzanja lawo losupuka lija.