Ndinagawa mamiliyoni omwe ndinalibe

Inu owerenga, ine ndinataya mwana chifukwa cha ndalama zomwe sindinazigwirepo m'manja. Mwanayo sanamwalire ayi, ali moyo ndipo sali kutali, koma kwa ine anatayika. Wolakwa ndine, ndipo ndalemba izi kuti wina amene ali ndi pakamwa ngati panga amve zisanamuonekere.

Ndine wakabaza. Ndimapalasa njinga pakati pa boma la Mchinji ndi boda, kunyamula anthu, shuga, zitenje, zigubu za mafuta ophikira, chilichonse chimene chingamangike ndi mphira pakaliyala. Kwathu ndi ku Dambe, koma ndimakhala chikamwini ku Mlonyeni, kwawo kwa akazi anga, Naphiri. Powakwatira ndinawapeza ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri, dzina lake Tadala. Bambo ake anali munthu wa ku Zambia wogula mtedza, yemwe anasowa mwanayo asanabadwe. Tadala anaphunzira kulankhula ali pamiyendo panga, ndipo kusikelo ndinkapita naye ndine. Pambuyo pake tinabereka anyamata awiri, Chifundo ndi Madalitso. Pakhomo pathu panalibe wonena kuti uyu ngwa uje, uyu ngwa uje. Onse atatu ankanditchula ababa.

Za lotale ndinaziphunzira pasiteji, tikudikira makasitomala. Umatumiza kandalama kochepa pafoni, n'kusankha manambala, Loweruka n'kumva zotsatira. Che Amidu, amene timagulako mayunitsi paboma, ankangopukusa mutu akationa titaunjikana pafoni imodzi. Ankati chipembedzo chawo chimaletsa juga, koma ngakhale chikanalola sakanayerekeza, chifukwa sanaonepo munthu wokolola pomwe sanadzale. Ife tinkawaseka kuti akuopa tidzawaposa.

Ndinene zoona, lotaleyo sinandisaukitse. Ndinkaponya ndalama yosakwana ngakhale ya ulendo umodzi wa kuboda. Chimene chinandigwira ndi masiku a pakati aja, kuyambira tsiku loponya mpaka Loweruka. Masiku amenewo ndinkakhala munthu wolemera. Ndinkakwera chitunda ndi matumba a shuga kumbuyo, thukuta lili kamukamu, m'mutu ndikusankha penti wa nyumba. Anthu amati kuwerengera madzi a mphutsi, koma ine ndinkawawerengera mpaka kusambamo.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kanthu kumtima ndi alamu anga, achimwene awo a Naphiri, omwe ndi eni mbumba. Ndinkafuna kudzala mitengo ya bulugamu m'mphepete mwa munda kuti tidzapezepo milimo, iwo n'kundiletsa pamaso pa anthu kuti mkamwini sadzala mitengo pamalo a eni. Ndinali nditalima munda umenewo zaka khumi ndi zitatu. Poti mkamwini asamakule mwendo, mawuwo ndinangowasunga mumtima.

Tsiku lina Lamulungu masana, mwezi wa Julaye, tinakhala pakhonde tikusenda mtedza, banja lonse. Alamu aja anabwera kudzacheza n'kukhala nawo. Sabata imeneyo ndalama ya lotale inali itakwera kwambiri chifukwa panapita nthawi popanda wopambana, ndipo ine ndinali nditaponya. Ndinayamba kufotokoza zomwe ndidzachite ndikawina. Anyamata anasangalala, Naphiri ankaseka. Kenako ndinati zinthu zazikulu sizisungidwa pakamwa, wina alembe. Tadala anali Fomu 2 ndipo amalemba bwino kuposa tonse, ndiye anapukuta m'manja, n'kuthothola pepala pakati pa kope lake, n'kukhala pafupi nane.

Ndinayamba ndi lole yonyamula mtedza kupita ku Lilongwe. Kenako nyumba yamalata paboma, pamalo anga ogula, pomwe ndingadzale mitengo mpaka kutopa. Pamenepo ndinawayang'ana alamu. Naphiri ndinawatsegulira shopu ya zitenje. Ku Dambe ndinaikako chigayo, choti azidyerapo achemwali anga ndi ana awo. Chifundo ndinamutumiza kusukulu yogonera komweko mpaka kuyunivesite, Madalitso chimodzimodzi. Madalitsoyo anati akufunanso kukwera ndege, ine ndinati lemba, ndege. Kutchalitchi ndinagula mabenchi atsopano. Anzanga onse a pasiteji ndinawapatsa njinga zamoto, aliyense yake, ndipo ndinawatchula mayina mmodzimmodzi. Che Amidu ndinawagulira furiji kuti adzachite manyazi. Alamu ndinawapatsa jekete ndi wailesi, anthu n'kuseka, iwo n'kunena kuti mkamwini wawo ndi woumira ngakhale kumaloto. Pepala linadzaza, Tadala n'kulitembenuza. Nditaona kuti m'mutu mwauma, ndinati atseke pamenepo, zatha.

Naphiri sanadzutse mutu palichero. Anangoti, "Nanga mlembiyo?"

Inu owerenga, apa ndi pamene ndinagwera. Kunena zoona mwanayo ndinangomuiwala, monga mmene umaiwalira chipewa chili kumutu. Ndikanangoti pepa mwana wanga, lemba chilichonse ukufuna, nkhani ikanathera pomwepo. Koma alamu anali pomwepo akusekerera, ndipo ndinaona mpata wowabwezera za mitengo zija.

"Ameneyo ali ndi eni ake," ndinatero. "Amalume ake si awa ali apawa? Bambo akenso alipo ku Zambia, akamugawire makwacha a kumeneko."

Anyamata anaseka poti ababa alankhula. Alamu anaseka mwa manyazi. Tadala nayenso anaseka pang'ono, n'kupinda pepala lija, n'kundipatsa ndi manja awiri, n'kubwerera pamalo pake kukasenda mtedza. Naphiri yekha ndiye sanaseke. Ine ndinaona ngati ndawalasa alamu, ndipo tsiku limenelo ndinadya bwino.

Loweruka litafika, pa manambala anga panalibe ngakhale imodzi yomwe inatuluka. Sizinandipweteke, ndinali nditazolowera. Ndinaponyanso sabata yotsatira, za pakhonde zija n'kuziiwala.

Tadala sanakwiye mooneka. Madzi ankatunga, mbale ankatsuka, moni ankapereka. Koma anasiya kundipempha zinthu. Kale akafuna cholembera kapena sopo ankandidikira panjira madzulo, tsopano anayamba kukagwira ganyu kudimba kwa anthu Loweruka n'kumadzigulira yekha. M'mawa ndinkamukweza pakaliyala mpaka kusukulu poti njira ndi imodzi, koma anayamba kunena kuti apita wapansi ndi anzake. Mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinati zakhala bwino, mpandowo ndinyamulapo kasitomala wolipira.

Naphiri anandiuza kawiri konse kuti ndikhale naye pansi mwanayo. Ndinawayankha kuti asakulitse nkhani, zinali zocheza, ndalama zake zili kuti zoti munthu angalirire? Ndinkaonanso kuti bambo kupepesa mwana wa zaka khumi ndi zisanu n'kudzitsitsa. Kachitatu sanandiuzenso.

Sukulu itatsekera, Tadala anayamba kufunsa amayi ake za bambo ake omubereka, dzina lawo lonse ndi kumene kuli abale awo. Amayi ake anamuuza zomwe ankadziwa, poganiza kuti ndi mafunso a mwana amene akukula. Tsiku lina m'mawa anatenga ndowa ngati akupita kumjigo. Ndowayo tinaipeza kwa mnzake, yemwe anatiuza kuti Tadala wapita ku Chipata ndi amayi ena ogulitsa mtedza, odzera njira zachidule. Naphiri anakhala pansi n'kuyamba kulira. Ine ndinaima kanthawi, kenako ndinapopa njinga n'kupita kuntchito. Ndinanyamula anthu tsiku lonse, ndinabweza chenji molondola, ndinaseka nawo nthabwala za pasiteji. Mumtima munangoti zii, ndipo mpaka lero simunasinthe kwenikweni.

Patapita masabata atatu anaimbira foni amayi ake. Bambo aja anawapeza, koma ali ndi banja lina ndipo anamuuza kuti sakumudziwa. Tadalayo anati tisade nkhawa, wapeza ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wogulitsa mumsika. Sukulu inatsegulira, malo ake m'kalasi n'kukhala opanda munthu. Alamu anabwera kudzandinena mawu ambiri, ena oona, ena ongowonjezera.

Zinanditengera miyezi isanu kuti ndipite. Ndinkadziuza kuti atopa yekha abwera, kenako ndinkati tidzale kaye, kenako tipalire kaye. Boda ndimafikapo tsiku lililonse, koma kuwoloka kunandikanika. Mu Januwale ndinatenga chiphaso, njinga n'kuisiya kwa anzanga, n'kukwera galimoto ya ku Chipata.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuchapa mulu wa zovala za ana. Anali ataonda, manja atasuwa ndi sopo. Atandiona sanadzidzimuke. Anapukuta manja pachitenje, n'kunditengera mpando, n'kugwada kundipatsa moni monga mmene timalandirira mlendo wolemekezeka. Anandipatsa madzi akumwa. Bwana wake atatuluka kudzaona amene wabwera, Tadala anati, "Awa ndi amuna awo a amayi anga." Mayiyo anandipatsa moni n'kubwerera m'nyumba.

Ndinalankhula zomwe ndinakonza m'njira. Ndinati amayi ake sakugona, azichimwene ake akumufunsa, aphunzitsi avomera kuti akhoza kubwereza kalasi. Ndinati mawu aja sanali opita kwa iye, ndinkalimbana ndi amalume ake. Kenako ndinanena chimene ndinkaona ngati chithetsa nkhani yonse, kuti mwana wanga, ndalama zija kunalibe, sindinawine kalikonse, palibe amene analandira ngakhale tambala.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Poyankha sanakweze mawu, ndipo ndinamva kuti malankhulidwe ake ayamba kale kupendekera kwa anthu a kumeneko.

"Ndikudziwa kuti kunalibe ndalama. Zikanakhala zenizeni sindikanadandaula, zenizeni zimaperewera, ndimaona mmene mumavutikira. Manje zija zinali zosatha. Munagulira njinga anthu onse a pasiteji, ine ndikulemba mayina awo, ndikudikira langa. Ndinkati mwina mwandisungira kumapeto. Olo mukanangoti nsapato."

Kenako anafunsa ngati Chifundo ndi Madalitso amalume awo si omwewo.

Ndinati pepa. Anati palibe kanthu, anakhululuka kale, koma kubwerera sabwerera, chifukwa kumene ali akudziwa chimene iye ali pakhomopo ndipo palibe chodzamudzidzimutsa. Ndinatulutsa ndalama yomwe ndinamutengera, anaikana mwaulemu kuti ndikagulire anyamata makope. Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kunena kuti ndiyende bwino, ndikapereke moni kwa amayi. Zovala zinali zikumudikira, ndiye sanaime kuti aone galimoto ikunyamuka.

Ndinaganiza kuti ndilira m'galimoto, koma misozi sinabwere. Ndinafika paboda, ndinatenga njinga yanga, panapezeka mayi wa katundu wopita kuboma, ndinamunyamula.

Lotale ndinasiya, koma musaganize kuti ndinasiya chifukwa cha nzeru. Kungoti ndikati ndiyambe kuganiza zogula, m'mutu simubwera kanthu. Anzanga pasiteji akamagawana mamiliyoni awo ine ndimakhala ndikupukuta masipoko. Ndi Naphiri tikukhala, sanandithamangitse, timalima limodzi, timadya limodzi. Nkhani ya Tadala sitiikamba. Ndapitakonso kawiri, ndipo ulendo uliwonse amandilandira bwino, ndi mpando ndi madzi akumwa.

Inu owerenga, ena adzakuuzani kuti juga ndi yoipa chifukwa imatha ndalama, ndipo sakunama. Ine yanga inanditengera zochepa m'thumba. Chimene ndikuchenjezani ndi masewera aja ooneka opanda vuto, ogawa chuma cha m'maloto ana ali pomwepo. Ife akulu timadziwa kuti tikungocheza, koma mwana amamvetsera kuti amve pamene ali mumtima mwanu, ndipo pa ndalama zosatha simungadzanene kuti zinaperewera. Ngati mwayamba kugawa, yang'anani kaye nkhope zonse zili pakhondepo, makamaka ya mwana amene munamupeza, chifukwa ameneyo amakhala ndi funso lomwe safunsa. Mukakhala ndi mkwiyo ndi munthu wamkulu mnzanu, kamuuzeni mwini wakeyo maso ndi maso, musadutsitse pa mwana. Ndipo mukalakwa pepesani tsiku lomwelo. Ine mpata ndinali nawo mwezi wathunthu mwanayo akugona m'nyumba mwanga, koma ndinaona kuti ndine wamkulu.

Anzake a Tadala alemba mayeso a Fomu 4 chaka chino. Iye akadali ku Chipata, anasintha nyumba koma ntchito ndi yomweyo. Amaimba foni Lamulungu lililonse masana. Ikangolira, Naphiri amandiyang'ana, ine ndimatuluka kukakhala panja kuti mwanayo alankhule momasuka.