Ana Ometa a ku Finglas

Foni inalira ndili m'basi, miyendo itatupa, msana ukulira. "Agogo, akuti Mande mubwerere kuntchito!" Anali mdzukulu wanga. Ndinalulutira momwemo, azungu onse cheu! Ine Nabanda, wosadziwa kulemba, mdzukulu ndiye akundilembera izi.

Ntchitoyo anandipezera Amake Mutinta, mzanga wa kutchalitchi wochokera ku Zambia, wokolopa ku eyapoti. Inali nthawi ya risesheni, zomanga zitaima, ntchito zikusowa ngati mvula ya Okutobala. Akuti kuli holo ya zoimbaimba kudera la Finglas yofuna wokolopa. Mopu, ndowa, huva, bulichi, magolovesi. Uyambe ndi matoileti, kenako masitepe, pansi pomalizira. Kolopa, finya, kolopa, finya, mpaka manja kusweka.

Tsiku loyamba ndinapeza anyamata ndi atsikana atameta mpala, zovala zakuda bii, majombo olemera. Mtima unagwa. Kwathu ometa chonchi ndi anamfedwa. Ndinagwada, ndikugwira chanza mmodzimmodzi: "Sole, sole, pepani." Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Rasa, mayi wa kuyunivesite amene ankawafufuza ndi kachojambulira mawu, ndiye anandimasulira. Akuti ndi ana a ku Poland ndi Lithuania. Kwawo boma lakale litagwa mafakitale anatsekedwa, iwo n'kubwera kuno kudzamanga nyumba, kunonso zathina. Kumetako ndi mtundu wawo, ng'oma zaphokoso ndiye tchalitchi chawo.

"Ndiye palibe wamwalira?"

"Palibe, Gogo."

Tsiku lolemera linadza masana ena. Ndinapeza Marek, woimba ng'oma wawo, ali pansi kuseri kwa masipika. Bambo ake amwalira kwawo, iye sapita kumaliro. Anzake akungodutsa, osaona kanthu. Adziwa bwanji, poti mutu ngometa kale, malaya ngakuda kale?

Ndinatsamiritsa mopu kukhoma. Ndinavula nsapato, n'kukhala naye pansi, miyendo tambalale, n'kuyamba nyimbo ya maliro. Anzakewo anabwera mmodzimmodzi, majombo pambali, onse pansi. Madzi anazizira m'ndowa.

Bwana wa kampani yokolopa analowa. "Timakulipirani kuti mukhale pansi? Ambiri akuifuna ntchitoyi. Siyani makiyi."

Ndinasiya. Milungu inapita ndikungoyang'ana mvula pawindo, lenti ili pakhosi pa mwana wanga. Ine osadziwa kuti ana aja anakana wokolopa wina aliyense. Ankakolopa okha, moipa, mpaka eni holo anaimbira bwana uja kuti abweze Gogo.

Msana ukadawawabe, mopu sinapepuke. Koma ndinaphunzira: wometa aliyense mufunseni, tsiku lina mudzapeza namfedwa weniweni.

Loweruka alendo anadzaza nyumba kudzakondwera nane. Amake Mutinta ndi chitenje chatsopano, Abusa a ku Lucan ndi amayi busa, mwana wanga Esnart, mdzukulu Tadala, Rasa wopanda kachojambulira, ana ometa aja Kasia, Tomas, Daiva. Pomalizira Marek, atavula chipewa pakhomo, tsitsi litamera.