Mbatata za Apongozi Anga

Apongozi anga, a Fidelis, sakhulupirira mbewu iliyonse yobereka poonekera. Chimanga amati ndi kazitape, chimaima njo m'munda n'kumakupiza ngayaye kuitana aliyense wodutsa. Bwenzi lawo ndi mbatata, chifukwa imakula pansi pa dothi osauza munthu.

Anabwera kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja, chaka chatha, akazi awo atamwalira. Mkazi wanga Lettie ndi namwino, ine ndimayendetsa fokolifiti, galimoto yonyamulira katundu, ku Kewdale, ndiye masana onse mkuluyu amatsala yekha panyumba yathu ya lendi ku Rockingham. Posakhalitsa kapinga wakuseri anasanduka mizere, kholowa n'kuyanga mpaka kumpanda. Ndinangoti pakamwa tseke. Paja mkamwini asamakule mwendo.

A Fidelis anabadwira ku Angonia, ku Mozambique, kungowoloka msewu wa ku Ntcheu. Ali mnyamata, boma la chikomyunizimu linawachotsa m'midzi yawo n'kuwaunjika pamudzi umodzi, kuti azilima munda umodzi wa anthu onse.

"Munda wa aliyense, akamwini, ndi munda wa anyani," amatero. "Tinkalima mlembi wa chipani akamayang'ana. Akangotembenuka, khasu linkasanduka mpando."

Zokolola zinkakwera lole, osabweranso. Mlembi uja ankayenda khomo ndi khomo kusuzumira m'nkhokwe, m'miphika ndi kudenga, ndipo wopezeka ndi chake ankatchedwa mdani wa anthu. Kenako mvula inakana, nkhondo inafika, galu wakuda n'kulowa m'mudzi. Iwo anapulumukira mbatata zimene anabzala mobisa kudambo, mpaka anathawira ku Malawi. Nkhaniyi amaikamba akuseka, ndipo amaithera pomwepo.

Tsiku lina Lettie anawakhazika pansi. "Ababa, Lachinayi kubwera mayi wa kuofesi ya eninyumba kudzayendera nyumba. Inisipekishoni chabe. Chonde zulani mbatata zija, apo ayi atithamangitsa, ndipo nyumba muno mu Perth zikusowa."

"Alowanso kukhitchini?"

"Paliponse, ababa."

Anangoti, "Hoo." Ndikanakhala wanzeru, hoo ameneyo ndikanamuopa.

Lachinayi ndinaweruka msanga, koma ndinapeza mayiyo, dzina lake Joan, atalowa kale. Apongozi anali chilili pabalaza, opanda nsapato, buluku long'ambika atalimanga ndi chingwe. Furiji inali mbee! Makabati mbee! Pambuyo pake mpunga tinaupeza m'makina ochapira, nkhuku m'sutikesi, mafuta ophikira m'thanki ya chimbudzi. Mbatata sanazule ngakhale imodzi. Anangoyala mabulangete onse a m'nyumba pamwamba pa mizere, ngati akuwayanika.

Joan anatsegula furiji, anaitseka, anaitsegulanso. Kenako anafunsa mwachifundo ngati bambowo adya chilichonse tsiku limenelo.

"Palibe kanthu, madamu," anayankha m'Chizungu chawo chothyokathyoka, atagwira m'mimba. "Chaka chino sitinakolole." Atatero anandinong'oneza m'Chichewa: "Akamwini, bwezani mimbayo mkati, mutigwiritsa."

Mimba yanga si yobwezeka. Joan anaiyang'ana, anayang'ananso nkhalamba yoonda ija, ndipo ndinaona ndi maso angawa mlandu wanga ukuzengedwa m'mutu mwake. Ndinayesa kufotokoza, koma munthu wa mimba ngati yanga akamalumbira kuti chakudya chilipo, ndani angatsutse? Funso linali loti chimathera kwa yani. Joan anasuzumira kuseri pang'ono, anajambula, n'kumapita.

Lettie atamva anapsa mtima. "Ababa, mwatiyalutsa! Ine namwino wathunthu, ndizioneka ngati ndikukuphani ndi njala? Nanga akatitulutsa tilowera kuti?"

"Koma watenga kanthu?" anafunsa, akumwetulira ngati mlenje. Ndinawakwiyira kwambiri tsiku limenelo, kungoti ndinakwiyira mumtima.

Loweruka m'mawa galimoto ya Joan inaimanso pakhomo. Ndinati basi nyumba yapita. Apongozi anatuwa. "Abwera ndi lole," anatero, n'kuthamangira kuseri kukaima patsogolo pa mizere, khasu lili m'manja. Mabulangete tinali titachotsa, zonse zinali poyera.

Joan anatipeza komweko atanyamula katoni. Munali buledi, mkaka, mazira, malalanje ndi nyemba za m'chitini. Anati wagula yekha, si za kuofesi. Ataona mizere anaseka.

"Izi ndinaziona kale, masamba ankatulukira pansi pa bulangete. Mwininyumba akuti bola mudzabzalenso kapinga tsiku lochoka."

Ine ndi Lettie mitima inakhala pansi. Koma apongozi sanaseke. Anayang'anitsitsa katoni ija nthawi yaitali.

"Akamwini, mufunseni, akufuna chiyani?"

"Akuti palibe, bambo."

"Wapeza m'nyumba mulibe chakudya, ndiye wabweretsa?"

"Eya, bambo."

Anakhala pansi pamzere, khasu n'kuligoneka pambali. "Mlembi uja anapeza ufa wa m'kachitini umene amayi anabisira Eness kudenga," anatero motsitsa mawu. "Anatenga ndi chitini chomwe."

"Eness ndani, ababa?" anafunsa Lettie.

"Azakhali ako. Anali asanayambe n'sukulu yomwe. Mbatata zanga zinakhwima iye atapita kale."

Lettie anali asanamvepo dzina limenelo chibadwire. Anagwada pafupi ndi bambo ake n'kuyamba kulira, ndipo inenso, ndi mimba yanga yomweyo, ndinalira. Joan sanamve liwu limodzi, koma anaika katoni pansi mwakachetechete.

Apongozi anapukuta m'maso ndi malaya. Anadzuka, anatola khasu, n'kusankha mzere wonona kuposa yonse. Analikhapa dothi, mlendo wodzayendera nyumba akuonerera, mbatata zofiira n'kumagubudukira kumapazi ake.

"Lettie, khuthula zimenezo kukhitchini, ubwere nayo katoniyo," anatero. "Kwathu mbale sibwerera yopanda kanthu."