Lole yopenta mbali imodzi

Fungo la penti pa Mchesi lero landikumbutsa lole ya bambo. Mutu wake utachita dzimbiri, anaupenta okha ndi burashi pakhomo pathu ku Kawale, koma penti anangokwanira mbali ya dalaivala.

Lamlungu tinapita ku Likuni kwa agogo obereka amayi. Nyumba yawo inali kumanzere kwa njira, mbali yadzimbiri ija. Bambo anatembenuza lole n'kuyenda chafutambuyo mpaka pakhomo.

"Bwanji tikuyenda chonchi?" ndinafunsa.

"Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi," anatero amayi, ataphimba pakamwa ndi chitenje.

Ndinainyadira lole yathu yamwambo. Agogo anaizungulira pang'onopang'ono, nati, "Mbali inayi mwasungira chaka chamawa?"

Ndinadzazindikira nditakula kuti ulemu wina umangokhala penti wosakwanira.