Amayi a Thirakitala ndi Msana wa Msewu

Amene mumakwera kamsewu ka timiyala kochokera kumsewu waukulu kudzafika pachipatala cha parishi yathu, osagunditsa mutu kudenga la galimoto, dziwani kuti sikadzikonza kokha. Ankakakonza ndi mayi tawaika Lachiwiri aja, amene tonse tinkangowatchula kuti Amayi a Thirakitala.

Anabadwa achisanu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo ankakumba ngalande za m'misewu, ndipo iwo ali mtsikana ankawapititsira madzi akumwa kuntchito. Sukulu sanapite nayo patali. Pemphero ankalidziwa, fosholo ankaidziwanso. Atakula anakwatiwa ndi bambo wosamala malo pa parishi, yemwe ankayendetsanso thirakitala yakale ya pamenepo.

Ana atakwana anayi, chaka cha mvula yambiri, bamboyo anagwa pantchito atagwira pachifuwa. Mnansi anamunyamula pa galimoto, koma galimotoyo inatitimira m'matope pakati pa kamsewu kaja, chipatala chikuonekera apo. Pamene anthu ankafika naye pakhomo atamunyamula m'manja, n'kuti atatsirizika.

Mayiwo sanadandaule kwa Mulungu, sanakalipire komiti ya parishi. Patatha mwezi anapita kwa bambo mfumu.

"Bambo, ndipatseni makiyi a thirakitala. Pamsewu paja pasadzaferenso munthu."

"Mayi, mumatha kuyendetsa?"

"Ayi. Kukhala wamasiye sindinkathanso, koma ndikuphunzira."

Anagwetsa mpanda wa dimba la asisitere kawiri. Amuna ankaima m'mbali n'kumaseka. Iwo osacheuka.

Kumbuyo kwa thirakitalayo kumakokedwa chibokosi chachitsulo chopanda pansi, chokhala ndi mano kutsogolo ndi mpeni kumbuyo. Mvula ikagwa ankadikira kuti matope aphwe koma nthaka isaume. Akatero ankatsitsa mano aja n'kugumula dzenje lililonse mpaka pansi pake.

"Dzenje sathira timiyala pamwamba," ankatero. "Kuli ngati kubisa tchimo polapa. Mvula ikabwera lionekeranso pomwepo."

Kenako ankakweza mano, n'kupendeketsa chibokosi, n'kumakokera timiyala ta m'mbali pakati, kuti msewu ukhale ndi msana, madzi azitsetserekera m'ngalande. Liwiro ankaliyesa ndi Korona. Kuchokera kumsewu waukulu kufika pachipata anali ma Tikuoneni Maria makumi atatu. Ukafika usanamalize ndiye kuti wathamanga, chibokosi chadumphadumpha, wasiya mizere yogwedeza odwala.

Anachita zimenezi zaka makumi atatu ndi chimodzi. M'kwaya sanalowemo, kutsogolo sanakhaleko. Ku Misa ankabwera ndi oilo m'zikhadabo. Sanali munthu wa nkhani zambiri, ndipo amene anayesapo kudula njira ndi galimoto m'ngalande zawo akudziwa.

Mawondo atawakana, komiti inapereka makiyi kwa mlamu wa apampando, makaniko wodziwa injini. Iye anausalaza msewuwo pa giya yothamanga, theka la ola n'kumaliza. Apampando anayamikira kuti wasalala ngati tebulo. Mayiwo anapempha kuti awatengere kumsewuko. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi.

"Tebulo n'lodyerapo, achimwene. Madzi apita kuti?"

Sanawamvere. Mvula zitatu zokha, madzi anaima pakati, maenje anabwerera, ndipo galimoto ya odwala inayamba kutsitsira anthu kumsewu waukulu kuti amalize wapansi. Mayiwo atamva zimenezo anaitana mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wachisamba, mayi wa ana asanu.

"Katenge makiyi kwa bambo mfumu. Ndawauza kale."

"Amayi, ine zochapa zandikwana. Bafa ladzaza."

"Zochapa sizifa. Tiye."

Anawaikira mpando m'mbali mwa msewu, ambulera kumanja, ndodo kumanzere. Ndodo ikaloza pansi, tsitsa mano. Ikaloza kumwamba, kweza. Mpongoziyo anafika pachipata thukuta lili kamukamu, akuyesa kuti wamaliza.

"Unali pa Tikuoneni wachingati?"

"Wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri, amayi."

"Bwerera. Amayi Maria sathamangitsidwa, msewunso chimodzimodzi."

Anabwerera. Panapita Maloweruka anayi, kukangana kuli mkati, msana wa msewu usanabwerere m'malo. Loweruka lachisanu mayiwo sanathenso kudzuka pabedi.

Tsiku lomaliza kunacha ndi mvula yamphamvu. Analandira masakramenti m'mawa ali ndi nzeru zawo zonse. Bambo mfumu atatuluka, anakodola mpongozi uja.

"Kaone madzi."

Anapita, anabwera atanyowa.

"Akuyenda kuti?"

"M'ngalande, amayi."

"Mbali zonse?"

"Zonse. Galimoto ya odwala yandidutsa ikukwera, sinaime paliponse."

"Basi."

Anatembenukira kukhoma, Korona ili m'manja, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo anapuma mwakachetechete ngati injini yozimitsidwa ntchito itatha. Ambuye awalandire mu mtendere wawo.

Makiyi ali ndi mpongozi uja tsopano, ndipo zochapa zake zikumudikirabe. Amene mwakhala mukufunsa kuti muwakumbukire bwanji, maluwa akwana. Ngalande ya kumanzere yadzaza masamba. Bwerani ndi fosholo Loweruka, Misa ya m'mawa ikangotha.